Maenje a Chikasu

Okutobala

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Okutobala, nthawi itangopitirira wani koloko masana, pamene Chikasu anakumba dzenje lake loyamba pakhomo pa apongozi anga. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa wailesi ya Make Dorika, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, inali itangomaliza nkhani za masana. Ine ndinali pakhonde, ndikukupiza mwana wanga Tereza ndi chivundikiro cha ndowa. Nkhuku zonse zinali pansi pa khola la mbuzi zitayasama. Mchenga wa pabwalo sunali wopondeka popanda nsapato.

Chikasu ndi galu wanga wamkazi. Ndinabwera naye kuchokera kwathu ku Kasisi ali kamwana, m'dengu limodzi ndi mbale zanga, pamene Zuze anandilowola n'kunditengera kwawo kufupi ndi Bangula. Bambo anga ndiwo anandipatsa. Anati kumene ndikupitako anthu amayankhula Chisena, ndiye ndikhale ndi mmodzi womva chiyankhulo changa. Bambo ankandidziwa. Ine sindine woyankhulayankhula, ndipo pakakhala anthu ambiri mawu amandithera pakhosi.

Tsiku limenelo Chikasu anazungulira nyumba lilime lili panja, kenaka anaima pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Mtsukowo tinkaukhazika pamchenga wonyowa, m'mphepete mwa khonde, kuti madzi azizizira. Ananunkhiza pansi n'kuyamba kupalasa. Dothi linkatulukira pakati pa miyendo yake yakumbuyo. Atakumba mokwanira analowamo, n'kuika mimba pansi, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ine ndinaseka.

Apongozi anga anatuluka m'nyumba akumanga chitenje.

"Mama ine! Mwanambwa uyu akuchita chiyani?"

Galu iwo amamutchula choncho, m'Chisena.

"Watenthedwa, amayi," ndinayankha motsitsa mawu.

"Watenthedwa? Nanga ife sitinatenthedwe? Mwationa tikukumba? Galu akakumba pakhomo ndiye kuti waona maliro. Akuyeza manda ameneyo. Kwirirani msanga, muwazepo phulusa."

Ndinamutulutsa Chikasu m'dzenjemo. Pokankhira dothi ndinapisa dzanja pansi pake, ndipo munali mozizira ngati kunsi kwa mtsuko. Kwathu mawu amenewa ndinawamvapo, koma bambo ankangokwirira dzenje n'kupitiriza ntchito yawo.

"Akadzakumbanso," anatero apongozi, "Joaki amutengera ku Shire."

A Joaki ndi alamu anga, ang'ono ake a Zuze, ndipo amayendetsa njinga ya kabaza. Kutengera galu ku Shire kulibe tanthauzo lina. Ng'ona zimakonda galu kuposa mbuzi.

Zuze nthawi imeneyo anali ku Nchalo, kudula nzimbe. Pakhomo tinali ine, Tereza, apongozi ndi alamu, ndipo tinkadyera mphika umodzi. Chimanga cha chaka chatha chinali chochepa kale, choncho chilichonse tinkachigwiritsa ntchito mosamala. Sopo ndinkamudula ndi ulusi tizidutswa ting'onoting'ono. Mbale ndinkatsuka ndi phulusa. Ndinkaphika m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi mapesi ndi timitengo ta thonje, kuti nkhuni zisathe komanso kuti ndisapsere m'khitchini masana. Madzi a pamjigo wathu ndi amchere, moti akumwa tinkakatunga kutali, ndipo a pamjigowo pamafunika kufola. Ndiye madzi amodzimodzi ndinkasambitsira Tereza, n'kuchapira matewera, otsalawo n'kunyowetsera chiguduli.

Chigudulicho chinali cha Chikasu. Ndinkachiyala kuseri kwa khitchini kuti agonepo asaganize zokumba. Chinkathandiza, koma chinkauma msanga ngati kuti wachiyanika pamoto. Masiku ena ndinkapeza wakumba ndithu, ndipo ndinkakwirira ndi phazi apongozi asanadzuke pamkeka wawo wa masana.

Novembala

Mvula inagwa kamodzi, yambiri, kumayambiriro a mwezi. Zuze anali atabwera chifukwa nyengo ya nzimbe inali itatha. Tinadzala chimanga kumunda wa kumtunda, mchewere n'kuwaza m'mbali. Zinamera bwino mpaka apongozi anaimba nyimbo ya kutchalitchi pobwerera kumunda.

Kenaka kumwamba kunayera. Mitambo inkasonkhana cha ku mapiri a Thyolo madzulo, n'kuchita mdima, n'kugunda, m'mawa kulibe. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Patapita masabata angapo chinagona pansi, ukachigwira chinkafumbutuka m'manja.

Ndinamuuza Zuze za dzenje lija tili awiri kumunda.

"Nkhani za iwe ndi amayi usandilowetsemo," anatero. "Galu ndi galu. Akafa tidzapeza wina."

"Wina wochokera kuti?"

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kupalira zinthu zouma kale.

Amene ankandimvetsa anali Make Dorika. Iye amagula nsomba kwa asodzi a kudambo n'kukagulitsa pamsika wa Bangula, ndipo mawu ake amamveka nyumba zitatu. Akamatumbula makakana ndi milamba ankandiitana.

"Make Tereza! Bwera udzatenge ndiwo za mchemwali wako!"

Mchemwali wangayo ndiye Chikasu. Ndinkatenga matumbo ndi mitu yoonongeka m'kachitini, n'kukawiritsa pamakala otsala. Ndinkamuchotsanso nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, n'kuziponya pamoto. Utitiri ukachuluka ndinkawiritsa masamba a nimu, madziwo akazizira n'kumusambitsa. Ntchentche zinkamudya nsonga za makutu mpaka magazi, ndiye ndinkapakapo oyilo wakuda amene alamu ankathira patcheni cha njinga.

"Alamu," anatero a Joaki atandipeza, "galu wanuyu mukufuna ayambenso kabaza?"

Ndinaseka chogwira pakamwa. A Joaki si munthu woipa. Kungoti mawu a amayi awo sawabweza.

Disembala

Tinadzalanso, ulendo uno mchewere wokha, chifukwa mbewu ya chimanga inali itatha. Mchewere umapirira. Unamera mothothoka, apa ulipo apa palibe, koma unamera.

Pamsika mtengo wa chimanga sunkagona. Umene wamva m'mawa, madzulo ndi wina. Anthu analeka kugula pa ndowa, anayamba kugula pa mbale. Madeya amene kale tinkapatsa abakha anayamba kugulitsidwa ngati ufa, ndipo kuchigayo amayi ankasesa pansi ndi manja. Ife tinayamba kudya kamodzi, chakumadzulo. Masana Tereza yekha ndiye ankamwa phala, lothira ufa wa malambe kuti likome popanda shuga. Akuluakulufe tinkaviika bwemba m'madzi n'kumwa, mimba n'kukhala chete kwa kanthawi.

Chakudya cha Chikasu kuyambira kale chinali nkhoko za mumphika. Ndinkathira madzi mumphika wa nsima, m'mawa n'kupala, n'kumupatsa. Tsiku lina apongozi anandigwira dzanja ndikupita nazo kuseri.

"Izi mukupita nazo kuti?"

"Kwa galu, amayi."

"Nkhabe, ayi. Anthu tikudya kamodzi, galu adyenso? Ziyanikeni pa lichero. Zikauma tizisinja, ndi phala la mwana limenelo."

Ankanena zoona ndipo sindinatsutse. Kuyambira tsiku limenelo Chikasu sanadyenso kanthu kochokera mumphika wa pakhomo. Ndinatsimikiza mumtima kuti pasadzapezeke munthu wonena kuti galu wanga anadya gawo lake. Popita kumunda ndinkagwira ziwala n'kuzitunga pa kaudzu. Ndikapeza una wa mbewa ndinkakumba, nyama n'kukhala ya ife, matumbo ndi zikopa za Chikasu. Zotsala za nsomba za Make Dorika zinachepa, chifukwa anthu anayamba kugula ngakhale mitu, komabe kachitini kanga sankakabweza kopanda kanthu. Chikasu anaonda, nthiti zinkawerengeka, koma mchira unkagwedezeka.

Khirisimasi tinadya therere ndi nsima ya madeya osakaniza. Itangopita, Zuze anawolokera ku Mozambiki ndi anzake kukafuna ganyu. Ananyamula khasu ndi botolo la madzi basi.

Januwale

Mwezi uno ndi umene anthu anayamba kugulitsa zinthu. Mbuzi zinkapita pa mtengo wa nkhuku. Bambo wina wa kuseri kwathu anachotsa malata a khonde lake. Apongozi anagulitsa mbuzi zathu zonse, pakhomo n'kutsala abakha okha. Mphekesera zinkayenda kuposa njinga: akuti malole a chimanga afika ku Bangula, akuti ayi akhota ku Nchalo, akuti chikubwera pa boti. Thandizo linabwera ndithu kamodzi, ndipo thumba limene analandira apongozi tinagawana ndi mabanja ena awiri a pachibale. Linatha tisanalizolowere.

Ndiye tinayamba kupita kudambo kukazula nyika. Kwa amene sazidziwa, ndi timizu tozungulira, takuda, ta maluwa aja amayandama pamadzi. Umalowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kumafufuza m'matope ndi zala za kumapazi. Tinkapita gulu, tikuimba ndi kumenya madzi kuti ng'ona zitalikire. Ukaziwiritsa n'kusenda zimakhala ngati mbatata yosakoma, koma zimakhala m'mimba. Tereza ndinkamusiya ndi agogo ake. Chikasu ndinkapita naye, chifukwa kumusiya pakhomo masana kunali kumupereka. Ndinkamumanga pamtengo kutali ndi madzi, ndipo kumeneko ankakumba mmene akufunira.

M'mudzi agalu ambiri anatayidwa mwezi umenewu. Eni ake analeka kuwaitana. Ankangoyendayenda, n'kumagwira anapiye, anthu n'kuwagenda. Amayi anzanga a kudambo ankandiseka.

"Uyu ndiye wolemera m'mudzi muno. Akuweta galu chaka chino!"

"Musiyeni," ankatero Make Dorika. "Inu mukuweta amuna osagwira ntchito, wakusekani ndani?"

Onse ankafa nako kuseka, madzi ali m'chiuno. Ine ndinkangoweramira pansi, koma mumtima ndinkadziwa chimene ndikuchita.

Febuluwale

Mvula imene inagwa kumapeto a Januwale inautsa mchewere, kenaka inadukanso. Kutentha kwa ulendo uno kunali kwa chinyezi, koti thukuta silikuuma pathupi. Udzudzu unachuluka.

Tereza anadzuka tsiku lina thupi lili moto. Anakana phala, anakana bere. Alamu anali atapita kale ndi njinga, ndiye tinagwirizana ndi apongozi kuti tidikire abwere atitengere kuchipatala. Ndinamugoneka pamkeka kuchipinda kwanga, n'kumamupukuta ndi kansalu konyowa. Madzi a m'beseni akafunda ndinkawataya pawindo, n'kutunga ena. Ndinachita zimenezi m'mawa wonse. Za galu sindinaziganize n'komwe.

Cha m'ma thiri koloko ndinamva kulira kwa apongozi, kulira kwa maliro kwenikweni. Ndinathamangira panja ndikuyesa kuti kwabwera uthenga wa Zuze.

Anali kuseri kwa chipinda changa, manja ali kumutu. Pansi pa windo, pamene ndinkataya madzi paja, Chikasu anali atakumba motsata khoma. Dzenjelo linali lalitali, lopapatiza, msinkhu wa mwana. Kuseri kwa khoma lomwelo ndi kumene Tereza anagona.

Nanenso ndinachita mantha.

Anthu anasonkhana. Apongozi ankayankhula Chisena chothamanga, koma ndinamva zonse. Ankauza anthu kuti chaka chimene anamwalira amuna awo, bambo a Zuze, galu wawo anakumba pakhomo penipeni. Iwo anaseka, n'kukwirira, n'kumusiya galuyo. Sabata isanathe bambowo anagwa kumunda osadzukanso.

"Ndinaseka ine! Ndinaseka! Lero ndisekenso, mdzukulu wanga ali gone m'nyumba?"

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Alamu anafika nthawi yomweyo, n'kutsamiritsa njinga pakhoma. Amayi awo anangoloza galu. Iwo anamasula chingwe chomangira katundu n'kumukola Chikasu m'khosi. Chikasu anagwedeza mchira, ankayesa kuti akupita kokayenda.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Ndinangoona dzanja langa lagwira chingwe.

"Alamu, siyani," anatero a Joaki chapansipansi. "Musandivutitse."

Anthu onse anali kundiyang'ana. Ndinafuna kunena za madzi amene ndinataya pawindo, koma ndinaona kuti palibe amene angamve za madzi. Ndiye ndinanena china.

"Galuyu ndi wa bambo anga."

"Mukuti chiyani?" anafunsa apongozi.

"Ndi wa bambo anga, amayi. Ng'ombe zimene munapereka ku Kasisi munalowola ine. Galuyu simunamulowole."

Kenaka Make Dorika anaomba m'manja kamodzi.

"Eee! Osayankhula uja wayankhula! Joaki, upha chiweto cha apongozi a mkulu wako? Mlandu wake ukaulipira ndi njingayo?"

Bambo wina wachikulire amene anaima kumbuyo anatsokomola n'kunena kuti mwanayu akunena zoona, chinthu cha eni sichiphedwa eni ake asanamve. A Joaki anayang'ana amayi awo. Chingwe chinali chitalendewera kale.

Apongozi anapukuta misozi ndi chitenje. "Wa bambo anu akhale wa bambo anu. Koma pakhomo panga pano asagonepo. Achoke lero lomwe."

"Achoka, amayi," ndinatero. "Alamu, chingwecho mupatseni Make Dorika. Inu tengani njinga, mwanayu akupsa."

Make Dorika anapita naye Chikasu kumunda wathu n'kukamumanga pansi pa nsanja yoingitsira mbalame. Ine ndinabereka Tereza n'kukwera njinga. A Joaki anapalasa ngati sanagwire ntchito tsiku lonse. Kuchipatala anamuyeza magazi pachala n'kupeza malungo. Anamubaya jakisoni, tinagona komweko, ndipo mawa lake anapempha madzi yekha.

Titabwerera kunyumba apongozi anamulandira Tereza, n'kumununkhiza kumutu, n'kundiyang'ana.

"Mwaona? Galu wachoka, mwana wachira."

Ine ndinkadziwa za jakisoni, iwo ankadziwa za amuna awo.

Malichi

Chikasu anakhala kumunda mwezi wonse. Ndinamumangira kamsasa ka mapesi pansi pa nsanja, n'kukwirira chigubu chodula pakati kuti madzi ake asatayike kapena kutentha. Mchewere unali utatulutsa ngala, ndipo mpheta zinkabwera ngati utsi, choncho ndinali ndi chifukwa chokhalira kumunda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tereza ankakhala pamthunzi akuseweretsa makutu a galu. Ine ndinkakoka zingwe za zitini n'kumakuwa. Kumunda ndimatha kukuwa, kulibe wondiyang'ana.

Chovuta chinali pobwerera. Ndikamumanga ankalira mpaka ndikafike kumsewu. Masiku oyamba ankakana kudya. Kenaka anazolowera, ndipo mbuzi za anthu zimene zinkalowa m'minda ya anzathu, kwathu zinkalambalala. Maenje anakumba ambiri pansi pa nsanja, moti ndinkayenda mosamala. Dzenje la kumunda palibe amene amaliwerengera.

Kunyumba abakha anayamba kusowa. M'mawa wina tinapeza khola lotsegula, nthenga zokha. Njala inali itapangitsa anthu ena kuyenda ndi matumba. Apongozi anayamba kulowetsa abakha otsala m'khitchini, ndipo m'mawa ankadzuka maso ali ofiira. Za galu sananene kanthu, inenso sindinanene.

Tinayamba kudula ngala zokhwima msanga, n'kuziyanika, n'kusinja. Nsima yoyamba ya mchewere watsopano inali yakuda, yonunkhira dothi. A Joaki anadya mpaka anagona chagada pamkeka n'kunena kuti mawa aliyense akwera njinga ulere. Mawa lake anakana kuti sananene.

Tsiku lina apongozi anabwera kumunda kudzathandiza kudula. Chikasu anawathamangira mpaka pamene chingwe chinathera, akugwedeza thupi lonse.

"Choka!" anatero. Koma mwala sanatole.

Epulo

Zuze anabwera ndi thumba la makaka a chinangwa ndi chimanga pang'ono, ali wakuda ndi woonda, nsapato zitatha. Tinakolola mchewere wonse. Sunali wambiri, koma unali woti tikasamala utifikitsa ku mbatata za kudimba. Minda inayera, anthu anamasula ziweto, nsanja zinagwetsedwa kuti mitengo ikhale nkhuni. Kumunda kunalibenso munthu. Galu womangidwa yekha kumeneko akanadyedwa ndi afisi, ndipo womasulidwa akananditsatira kunyumba.

"Alamu," anandiuza a Joaki, "galuyu akangoponda pabwalo, amayi andituma. Ulendo uno mawu anu aja sagwiranso. Munachenjezedwa kale."

Zuze anali ndi nzeru yake. Anati ali ndi mnzake msodzi ku Chiromo amene akufuna galu, ndipo amutengera kumeneko Loweruka. Anati wandichitira zabwino.

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, ine ndi apongozi tinali pabwalo kupeta mchewere. Zuze ndi a Joaki anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Ndinaika lichero pansi n'kugwada pafupi ndi apongozi.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Masiku ano mawu muli nawo ambiri. Nenani."

"Chikasu ndikufuna abwere pakhomo."

Anapitiriza kupeta. "Kuti adzakumbenso?"

"Zimene munanena za bambo a Zuze ndinazimva. Sindikuseka ayi. Tsiku lija nanenso ndinaopa."

Lichero linaima.

"Galu ameneyu adzakumba," anatero. "Lero ayi, mwina mawa ayi. Koma dzuwa la Okutobala likadzabwera adzakumba. Ine mtima wanga sungapirire kawiri."

"Ndikufunseni, amayi. Choopsa ndi dzenje, kapena ndi galu kukumba?"

"Ndi galu kukumba. Dzenje ndi dzenje. Si la zinyalala ilo, si la chimbudzi ilo, latipha?"

"Nanga ndikamukumbira ine? Ndi khasu, ndi manja anga. Ndizithiramo madzi otsukira mbale tsiku ndi tsiku. Akapeza pozizira pokonzeka, alibe chokumbira."

A Joaki anaphulika kuseka pakhonde. "Achimwene, mwamva? Akazi anu akufuna kumangira galu nyumba yapansi!"

"Iwe khala chete," anatero apongozi osacheuka. Anatola kamwala mumchewere n'kukataya. Anatolanso kena. Ine ndinali chigwadire, maondo akuwawa.

"Akakakumba pena?"

"Mukadzamuona akutero, Zuze apite naye ku Chiromo. Sindidzagwira chingwe."

Ndinanena zimenezi ndikudziwa galu wanga. Miyezi yonseyi pakhomo sanakumbepo pouma.

Apongozi anayang'ana khoma la chipinda changa, pamene dothi linali losiyanabe mtundu. Kenaka anayang'ana kukhitchini kumene abakha anali kulira kuti atsekeredwe.

"Osati pafupi ndi nyumba yogona," anatero. "Uko, kuseri kwa khola, pansi pa nimu."

"Chabwino, amayi."

"Ndipo likhale lozungulira ngati pakamwa pa mtondo. Lalitali sindikufuna kuliona."

"Lozungulira, amayi. Takhuta."

"Musandithokoze. Petani, kukuda."

M'mawa mwake ndinadzuka nkhuku zisanatsike. Ndinatenga khasu ndi lichero lakale n'kupita pansi pa nimu. Licherolo ndinaliika pansi n'kulemba mzere molizungulira ndi kamtengo, kuti dzenje lisatalike mbali imodzi. Ndinakumba mpaka dothi linasintha mtundu n'kuyamba kuzizira m'manja. Ndinathiramo madzi amene ndinasambitsira Tereza dzulo lake. Apongozi anatuluka, anafika, analizungulira kamodzi, n'kupita kukatsegulira abakha.

Ndinabereka mwana, n'kulowera njira ya kumunda kukamasula Chikasu.